Nsagwada ya ku Padua

Azakhali anga amasunga mano awo a m'munsi m'kapu ya pulasitiki pawindo. Ndi mano oikirira, ndipo chiwapangireni sanakhazikikepo m'kamwa. A m'mwamba amagwira bwinobwino, koma a m'munsiwa amangoyandama. Akati aimbe kukwaya amayamba awachotsa, akati aseke dzanja limathamangira pakamwa. Chimanga chootcha anasiya kalekale, za nzimbe ndiye musatchule n'komwe. Tsiku lina manowo anasowa, ndipo poti iwo ndi Mkatolika wachibadwire, anagwada n'kudandaulira Antonio Woyera, amene Akatolika amathamangirako chinthu chikatayika. Anapezeka madzulo ake m'thumba la juzi.

Mu 2019 anayamba kusunga ndalama za ulendo wa amayi a kutchalitchi wopita ku malo oyera ku Italy: Roma, Assisi, kenako Padua, kumene kuli manda a Antonio yemweyo. Mwana wawo wa ku Johannesburg ankati ayi, ndalamazo zipite kwa dokotala, akawaike tizitsulo m'nsagwada togwirira manowo. Anakangana miyezi ingapo pa WhatsApp. Kenako 2020 inafika, mliri n'kuimitsa zonse ziwiri. Ine, wopanda chochita m'masiku amenewo, ndinayamba kuwerenga kuti ndione amene akulondola, ndipo ndinadabwa kupeza kuti nkhani ziwirizi zimakumana pa fupa limodzi, mumzinda umodzi.

Antonio sanali wa ku Padua. Anabadwira ku Lisbon mu 1195, dzina lake lenileni linali Fernando. Mu 1220 analowa chipani cha a Franciscan ataona mitembo ya abale asanu a chipanicho amene anaphedwa ku Morocco, ndipo naye ananyamuka ulendo wa komweko. Atafika anadwala, ndipo pobwerera mphepo inakankhira chombo chawo ku Sicily. Umo ndi mmene anakhalira munthu wa ku Italy. Chida chake chinali pakamwa. Akamalalikira matchalitchi ankachepa, anthu n'kumasonkhana pabwalo. Ankadzudzula kwambiri akatapila, moti mu March 1231 mzinda wa Padua unasintha lamulo kuti munthu wolephera kubweza ngongole asamaponyedwe m'ndende ngati wapereka katundu wake. Miyezi itatu pambuyo pake, pa 13 June 1231, Antonio anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 36. Chaka chisanathe, pa 30 May 1232, Papa Gregory IX anamulengeza kukhala woyera, ndipo anthu a ku Padua anayamba kumanga tchalitchi chachikulu chimene mpaka lero amangochitcha il Santo, osavutika n'kutchula dzina.

Pa 8 April 1263 bokosi lake linatsegulidwa pamaso pa Bonaventure, mkulu wa chipanicho. Mnofu wonse unali utasanduka fumbi, koma lilime analipeza lidakalipo, ndipo analisunga palokha. Limeneli ndi limene limatchuka. Nsagwada ya m'munsi inadzalandira ulemu wake mochedwa, ndipo unabwera ndi mliri.

Mu October 1347 zombo zinafika padoko la Messina zitanyamula mliri wa makoswe, umene azungu amautcha Black Death. Pofika 1348 unali utalowa ku Padua, ndipo m'zaka zochepa chabe unapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya, mwinanso kuposa apo. Mkati mwa maliro amenewa, kadinala wa ku France, Guy de Boulogne, amene anali nthumwi ya Papa, anapangitsa chosungiramo cha siliva wokutidwa ndi golide, chooneka ngati mutu ndi mapewa a munthu, koma pamalo a nkhope pali galasi. Amati anachita zimenezi pothokoza kuti anapulumuka ku mliriwo. Pa 15 February 1350 anaikamo nsagwada ya Antonio, mano ake ali pomwepo. Mpaka lero wopita ku Padua amaima pamzere, n'kuyang'ana nkhope ya golide yopanda maso, yopanda mphuno, yongokhala ndi fupa la m'munsi basi.

Chaka chomwecho cha 1350 chinali Chaka Choyera cha Jubile. Papa Clement VI anali atachilengeza kale mu 1343, mliri usanamveke, ndipo sanachisinthe, ngakhale iye mwini anangokhala ku Avignon osaponda ku Roma. Mungaganize kuti anthu amene angoika kumene m'manda theka la mudzi wawo angaope kuyenda. Sizinatero. Misewu inadzaza. Wolemba mbiri wa ku Florence, Matteo Villani, amene mchimwene wake Giovanni anafa ndi mliriwo, analemba kuti aulendo anapitirira miliyoni, chiwerengero chimene mwina anachithira mchere, koma chimakuuzani mmene zinkaonekera m'maso mwa amene analipo. Anadandaulanso kuti Aroma onse anasanduka eni nyumba zogona alendo, mitengo ya chakudya n'kukwera dala. Ndiye musamaganize kuti zomadyera pa anthu opemphera zinayamba ndi makampani a ndege ayi.

Ine sindiwaseka anthu amenewo. Munthu amene watsala yekha pabanja la anthu khumi amafuna kwina kopita, ndipo amafuna chinthu choti achione ndi maso, achikhudze ndi dzanja. Mawu okha samukwanira. Koma n'zoonanso kuti msewu umene umanyamula wopemphera ndi womwewo umanyamula nthenda.

Tsopano mvetserani chimene chinandiseketsa ndekha usiku. Nthawi yonseyi aulendo akuyang'ana nsagwadayo, mabuku a madokotala ankaphunzitsa kuti nsagwada ya m'munsi ya munthu ndi mafupa awiri olumikizana pachibwano. Anatero Galen, dokotala wa m'zaka za m'ma 100, ndipo kwa zaka zoposa 1,000 mawu a Galen sankatsutsidwa wamba. Vuto linali loti Galen ankatumbula anyani, agalu ndi nkhumba, osati anthu, ndipo kwa galu nsagwada ndi mbali ziwiridi. Kwa khanda la munthu ilinso mbali ziwiri, koma zimalumikizana n'kukhala fupa limodzi mwana asanayambe kuyenda bwinobwino. Amene anatsutsa zimenezi poyera ku Ulaya anali mnyamata wa ku Brussels, Andreas Vesalius, yemwe anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Padua mu December 1537 ali ndi zaka 22 zokha. Iye ankatumbula mitembo ndi manja ake m'malo mokhala pampando n'kumawerengera ophunzira za m'buku. Mu 1543 anatulutsa buku lake lalikulu, De humani corporis fabrica, ndipo mwa zolakwa zambiri za Galen zimene anakonza munali imeneyi: nsagwada ya m'munsi ndi fupa limodzi. Umboni wake unali m'galasi, mtunda woyenda wapansi kuchokera pamene ankaphunzitsira, kwa zaka pafupifupi 200.

Kunena chilungamo, wina anali atamutsogolera. Cha m'ma 1200, ku Cairo kutagwa njala yoopsa, dokotala Abd al-Latif al-Baghdadi anapeza mulu wa mafupa a anthu, n'kuyang'anitsitsa zigaza zoposa 2,000, ndipo analemba kuti fupalo ndi limodzi. Ku Ulaya sizinamveke. Ndipo Vesalius uja, munthu wa mpeni ndi maso, anafera pa ulendo wa ku malo oyera. Mu 1564 anapita ku Yerusalemu, ndipo pobwerera anamwalira pachilumba cha Zakynthos. Zoti ophunzira ali mbali ino, opemphera ali mbali inayo, ndi ife amakono timakonda kuzigawa choncho.

Ophunzirawo nawonso ankaphonya, ndipo akaphonya anthu ankafa. Mu 1576 akuluakulu a mzinda wa Venice anaitana maprofesa awiri a ku Padua, Girolamo Mercuriale ndi Girolamo Capodivacca, kuti adzaone nthenda imene inkapha anthu mumzindamo. Iwo anati si mliri weniweni. Malamulo otsekera odwala anafewetsedwa, ndipo pomatha chaka chotsatira anthu pafupifupi 50,000 anali atapita. Opulumuka anamanga tchalitchi cha Redentore, chimene anthu amapitako mwezi wa July chaka chilichonse powoloka mlatho woyalidwa pamadzi.

Kudziwa kuti fupa ndi limodzi sikunathandize munthu wopanda mano. Apa ndi pamene nsagwada ya wakufa imasiyana ndi ya wamoyo. Ya Antonio ili mmene inalili mu 1350. Ya azakhali anga ikuchepa chaka ndi chaka. Fupa la munthu wamoyo limamangidwa ndi kugumulidwa tsiku lililonse, ndipo mbali imene imagwira mizu ya mano imakhalapo chifukwa cha manowo. Mano akachoka, thupi limaona ngati mbaliyo yatha ntchito, n'kuyamba kuisungunula. Ku nsagwada ya m'munsi zimenezi zimathamanga pafupifupi kanayi kuposa ku ya m'mwamba. Komanso mano oikirira a m'mwamba ali ndi denga lonse la m'kamwa loti amamatireko, pamene a m'munsi amakhala pakamzere kopyapyala ka nkhama, lilime likuwakankha uku, masaya uku. Azakhali sankanama ayi.

Anthu anayesa kalekale kubzala china m'malo mwa muzu. Mu 1931 banja la a Popenoe linafukula ku Honduras nsagwada ya m'munsi ya mayi wa mtundu wa Amaya, ya cha m'ma 600, itaikidwa tizidutswa titatu ta chigoba cha nkhono pamalo a mano akutsogolo. Poyamba ankati anamuika atafa kale, ngati chokongoletsa maliro, koma mu 1970 dokotala Amedeo Bobbio ataijambula ndi X-ray anaona kuti fupa linamera mozungulira tizigobato, kusonyeza kuti mayiyo anakhala nato ali moyo. Ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700 olemera ankagula mano a anthu osauka, kuwazula pompo n'kuwasomeka m'kamwa mwawo. Ambiri ankaguluka, ena ankabwera ndi chindoko. Golide, siliva, zitsulo zosiyanasiyana, zonse anayesa, ndipo nthawi zambiri thupi linkazikuta ndi kamnofu kofewa, chitsulo n'kuyamba kugwedera.

Yankho linachokera kwa kalulu. Mu 1952, ku Lund m'dziko la Sweden, dokotala wachinyamata Per-Ingvar Brånemark ankafufuza mmene magazi amayendera m'kati mwa fupa. Sanali dokotala wa mano n'komwe. Anaika kachipangizo koonera, kopangidwa ndi chitsulo cha titanium, m'fupa la mwendo wa kalulu, ndipo kafukufuku atatha anafuna kukachotsa kuti akagwiritsenso ntchito, poti kanali kodula. Kanakana. Fupa linali litamera n'kugwirana ndi chitsulocho popanda kanthu pakati. Wina akanangodandaula za ndalama zake. Iye anakhala zaka zoposa khumi akuyesa pa nyama, mpaka anatsimikiza kuti fupa lamoyo limalandira titanium ngati mbali yake, bola ulichite mwaulemu. Anazitcha osseointegration.

Mu 1965, ku Gothenburg, anayesa pa munthu woyamba, Gösta Larsson, bambo wa zaka 34 amene anabadwa ndi nsagwada yopunduka ndipo analibe mano a m'munsi, moti kudya ndi kulankhula zinali zomuvuta. Anamuika tizitsulo tinayi m'nsagwada ya m'munsi. Larsson anamwalira mu 2006, patatha zaka zoposa 40, tizitsulo take tikugwirabe ntchito.

Ulemu umene fupa limafuna ndi wotere. Dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi, n'kucheka nkhama, n'kuboola fupa pang'onopang'ono uku akuthira madzi a mchere ozizira, chifukwa fupa likatentha kufika madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limayamba kufa, ndipo fupa lakufa siligwira kanthu. Kenako amalowetsa implant, kachitsulo kokhala ndi mizere yopota ngati sikuluwu. Malo abwino kwambiri ndi kutsogolo, pachibwano. Pamenepo fupa ndi lolimba, ndiponso mtsempha waukulu umene umayenda m'kati mwa nsagwada umatulukira pa tizibowo tiwiri ta m'mbali usanafike pamenepo. Kumbuyo, dokotala akaboola mopitirira n'kuukhudza, mlomo wa m'munsi ukhoza kuchita dzanzi miyezi, mwinanso moyo wonse. Zikatha izi, mwa njira ya Brånemark, amasoka nkhama n'kukwirira kachitsuloko, osakakhudza, osakatafunira, miyezi itatu ku nsagwada ya m'munsi, isanu ndi umodzi ku ya m'mwamba. Ntchito yeniyeni imagwirika pamene palibe amene akuchita kanthu.

Madokotala a mano a ku Sweden anamutsutsa zaka zambiri, ena chifukwa anali ataona zitsulo zakale zikuwola m'kamwa mwa anthu, ena chifukwa choti sanali wa m'gulu lawo. Dziko linamumvera mu 1982, pamsonkhano wa ku Toronto umene anakonza George Zarb. Mu 2002 akatswiri atakumana pa yunivesite ya McGill ku Montreal anagwirizana kuti munthu wopanda mano onse a m'munsi, chithandizo choyamba choyenera kumupatsa ndi mano oikirira ogwidwa ndi ma implant awiri. Awiri okha. Ndi zomwe msuweni wanga wa ku Johannesburg ankanena, ngakhale iye anangozimva kwa mnzake wa kuntchito.

Nsagwada ya ku Padua nayo sinangokhala phee. Pa 10 October 1991 amuna obisa nkhope, mfuti m'manja, analowa m'tchalitchimo, n'kuphwanya galasi, n'kuthawa nayo. Anawatuma ndi Felice Maniero, mkulu wa gulu la zigawenga la Mala del Brenta, amene ankafuna chinthu choti akambirane nacho ndi boma kuti m'bale wake atuluke m'ndende. Iye mwini anadzaulula pambuyo pake kuti anawatuma lilime, koma anyamatawo anasokoneza n'kutenga nsagwada. Inapezeka pa 20 December chaka chomwecho. Woyera wa zinthu zotayika anakhala miyezi iwiri atataya chibwano chake. Azakhali nditawauza zimenezi sanaseke.

Ndiye kunabwera 2020, ndipo mliri wa Covid-19 unalowera pakhomo pomwepa. Munthu woyamba kufa nawo ku Italy, pa 21 February, anali mkulu wina wa ku Vo', kamudzi ka anthu pafupifupi 3,300 m'chigawo cha Padua. Mudziwo unatsekedwa masabata awiri, asilikali ali m'misewu. Ofufuza a yunivesite ya Padua, motsogozedwa ndi Andrea Crisanti, anayeza pafupifupi aliyense m'mudzimo, ndipo anapeza kuti mwa amene anali ndi kachilomboka, oposa 40 pa 100 alionse sankamva kalikonse m'thupi. Apa yunivesite ija inabweza ngongole ya 1576. Tanthauzo lake kwa aulendo linali lowawa: munthu wooneka wathanzi, wagwada pambali pako ndi kolona m'manja, akhoza kukhala ndi nthendayo osadziwa.

Ulendo uno Mpingo sunachite za 1350. Misa za anthu ambiri zinaimitsidwa mu Italy monse mpaka pa 18 May. Malo oyera a ku Lourdes anatseka zipata pa 17 March, koyamba chiyambireni. Ku Fatima mwambo wa pa 13 May unachitika bwalo lili mbee. Pa 27 March Papa Francis anaima yekha pabwalo la St Peter's mvula ikugwa, pambali pake pali mtanda wa ku tchalitchi cha San Marcello umene Aroma anazungulira nawo mzinda pa mliri wa 1522. Ku Padua, kumene chaka chilichonse kumafika aulendo mamiliyoni, pa 13 June kunalibe mdipiti wa m'misewu uja, ndipo m'malo mwake ansembe anakwera helikopita n'kukadalitsa zipatala ndi mudzi wa Vo' ali m'mwamba. Tinaonera limodzi zina mwa izi pafoni yanga, bandulo ikutha. Azakhali anati n'zabwino, koma si zimene ankasungira ndalama.

Kwa madokotala a mano zinalinso chimodzimodzi, poti ntchito yawo ndi kuweramira m'kamwa mwa munthu, makina akuwaza malovu m'mwamba. Ku England zipatala za mano zinasiya kulandira anthu wamba kuyambira kumapeto kwa March mpaka pa 8 June, ndipo mu August bungwe la WHO linalangiza kuti chithandizo cha mano chosafulumira chiyambe chadikira m'madera amene nthenda ikufalikira. Kuika ma implant kunali m'gulu la zodikirazo. Chinali chaka chimene nsagwada za dziko lonse zinabisala m'masiki, kupatula ife amene tinkavala masikiwo pachibwano, mphuno ili pamtunda. Kwa azakhali, kunena zoona, masiki anali mpumulo. Ankapita kumsika opanda mano a m'munsi, kuseka momasuka, palibe wodziwa.

Pamkangano uja ine ndinali mbali ya msuweni wanga, ndipo ndinali ndi mfundo imene ndinkaiona ngati yosagwedezeka. Nsagwada ya ku Padua yadikira zaka zoposa 670, yapirira miliri, nkhondo ndi akuba, ndiye ikhoza kudikira zaka zina zisanu. Yawo singadikire, chifukwa chaka chilichonse fupa loti dokotala aboolepo likuchepa. Ndinawafotokozera zonsezi, za kalulu, za Larsson, za madigiri 47. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Iwe, fupa la ku Padualo lingadikiredi. Nanga maondo angawa adikira?"

Pamene malire ankatsegulidwa, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama zimene zinkakwana chimodzi mwa ziwirizo sizikukwananso chilichonse. Zidakali ku banki mkhonde, zikuzungulira, ndipo mkangano wa pa WhatsApp umadzuka Khirisimasi iliyonse.

Mwezi wathawu ndinawaonetsa chithunzi cha chosungiramo chija. Anatenga foni, n'kuikuza ndi zala ziwiri mmene ndinawaphunzitsira, n'kuyamba kuwerenga mano a woyerayo limodzilimodzi, milomo ikugwedera.

"Anamwalira ali ndi zaka zingati paja?"

"Pafupifupi 36, azakhali."

"Mwana," anatero, akundibwezera foni. "N'chifukwa chake akadali nawo."